Kompyuta siiba, tifunse amene akusunga makiyi

Mwezi wathawu mayi wina wa kutchalitchi kwathu adandiimitsa panjira nandifunsa kuti: "Mwananga, popeza iwe udapondako kuyunivesite, tandiuza zoona. Mng'ono wakoyu akufuna kukaphunzira zoyendetsa bizinesi ndi makompyuta. Kodi zimenezi zimadyetsa munthu, kapena ndingotaya ndalama zanga za geni?"

Ndidachita manyazi, abale, chifukwa kuyunivesiteko ine ndidangonunkhako. Maphunziro omwewa ndidawayamba, ndidakhala zaka ziwiri, chaka chachitatu fizi idakanika ndipo ndidalongedza chikwama. Ndidawalonjeza mayiwo kuti ndiwayankha ndikaganiza bwino. Yankho lake ndi lino, ndipo ndati ndiliperekere pagulu popeza nkhaniyi si ya banja limodzi ayi.

Mwanayo apite ndithu. Koma tisanamizane, maphunziro amenewa ambirife tikuwamva molakwika. Makolo akuganiza kuti ndi maphunziro a makina. Mabwana olemba ntchito akuganiza chimodzimodzi, ndipo ngakhale ophunzira eni ake amalowa m'kalasi ali ndi maganizo omwewo. Zoona zake n'zakuti awa ndi maphunziro a makiyi. Funso lake lalikulu ndi lakuti: pakampani, pabanki kapena m'boma, ndani ali ndi mphamvu yolemba m'kompyuta, ndani angasinthe zolembedwazo, ndani angafufute, ndipo akafufuta amamuona ndani? Wophunzira akatuluka ndi digiri asakudziwa kufunsa mafunso amenewa, ndiye kuti ndalama za geni zija zapitadi m'madzi.

Phunziro limeneli ine sindidalipeze m'kalasi. Nditasiya sukulu ndidapeza ganyu m'sitolo ina yogulitsa simenti, malata ndi misomali mumzinda wa Blantyre. Mwini sitoloyo adali atagula makompyuta atatu ndi pulogalamu yowerengera katundu ndi ndalama, ndipo ankanyadira kwambiri kuti tsopano palibe amene angamubere. Koma dzina lolowera m'kompyutamo lidali limodzi, pasiwedi idalinso imodzi, yolembedwa pakapepala komata kunsi kwa tebulo. Tinkaidziwa anthu asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo mlamu wa bwanayo amene ankasunga makiyi a kosungira katundu.

Mwezi wina powerenga katundu padapezeka kuti matumba 40 a simenti kulibe. Malisiti ena adali atafufutidwa m'kompyuta. Koma kompyutayo siikadanena kuti adafufuta ndani, pakuti kwa iyo tonsefe tidali munthu mmodzi. Bwana adandiitana nati: "Iwe wakuyunivesite, tatiuza wakuba ndani." Ndidangoti kakasi. Ndinkadziwa kulemba pulogalamu yosanja mayina kuyambira A mpaka Z, ndinkadziwa kutsegula kompyuta n'kuona zam'kati mwake, koma kwa miyezi yonse imene ndidakhala pamenepo sindidaganizeko zouza bwana kuti munthu aliyense akhale ndi dzina lake lolowera, ndi kuti wogulitsa asakhale ndi mphamvu yofufuta lisiti.

Amene adachotsedwa ntchito adali mtsikana wolandira ndalama, mayi wa mwana mmodzi. Mlandu wake udali wakuti ndiye ankakhala pakompyutapo nthawi yaitali, komanso kuti pasitolopo adalibe mbale womuyankhulira. Palibe amene adamuona atanyamula thumba ngakhale limodzi. Patapita miyezi itatu iye atachoka, simenti idasowanso.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nzeru imene ine ndidalibe tsiku limene lija, amayi athu a banki m'khonde ali nayo kale. Bokosi lawo la ndalama limakhala ndi maloko atatu, makiyi ake amasunga anthu atatu osiyana, bokosilo limagona kwa munthu wachinayi amene alibe kiyi, ndipo limatsegulidwa pamaso pa gulu lonse. Kutchalitchi nakonso chopereka sawerenga munthu mmodzi. Amayi amenewa sadapite kukoleji, koma amadziwa kuti munthu wabwino umamuthandiza kukhalabe wabwino pomuchotsera mpata. Tsono bwanji tikangoona kompyuta nzeru yonseyi timaisiya pakhomo ngati nsapato?

Wina anganene kuti matumba 40 a simenti ndi nkhani yaing'ono. Chabwino, tiyeni tikwere phiri la Capital Hill. M'chaka cha 2005 boma lidakhazikitsa dongosolo la pakompyuta loyendetsera ndalama zake lotchedwa IFMIS. Cholinga chake chidali chabwino: ndalama iliyonse yotuluka m'thumba la boma ilembedwe ndipo ioneke. Koma mu September 2013 kalaliki wina wamng'ono adapezeka ndi ndalama zankhaninkhani m'galimoto, ndipo pa 13 September mkulu woona za bajeti ku Unduna wa Zachuma adawomberedwa pakhomo pake ku Lilongwe. Pamenepo ndipo mphika udavundukuka, dziko lonse nkumva fungo la Cashgate.

Akatswiri ofufuza za chuma a kampani ya Baker Tilly ya ku Britain adapeza kuti m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira April mpaka September 2013, ndalama zoposa K13 biliyoni zidasowa kapena zidalipidwa mosatsata dongosolo, ndipo pafupifupi K6 biliyoni mwa izo zidapita kwa anthu ndi makampani amene sadagulitse kanthu kalikonse kuboma. Mabungwe ndi mayiko amene ankathandiza bajeti yathu, omwe pa nthawiyo ankapereka pafupifupi 40 kwacha pa 100 kwacha iliyonse, adatseka mpope. Amene adamva kuwawa ndi wodwala wosowa mankhwala kuchipatala ndi mwana wosowa buku kusukulu. Nkhuyu zodya mwana zidapota akulu, koma apa zidatembenuka: adadya akulu, zidapota ana.

Nanga akubawo adachita matsenga otani? Palibe matsenga. Ankalowetsa m'kompyuta malipiro abodza, cheke nkutuluka, ndalama nkukatengedwa kubanki, kenaka ankabwerera m'kompyutamo nkufufuta mzere uja ngati kuti sikudachitike kanthu. Izi zidatheka chifukwa mphamvu zolowera ndi zofufuta zidali zotayirira, komanso chifukwa ntchito yofananitsa zolembedwa m'mabuku a boma ndi ndalama zimene zatulukadi ku Reserve Bank siinkachitika mwa nthawi yake. Mwezi ndi mwezi munthu akadakhala pansi ndi mapepala awiriwa, akadaona kuti banki yalipira macheke amene m'mabuku mulibe. Mukuona, abale anga, ndi matenda omwe aja a m'sitolo ya simenti, kungoti pano thumba lidali la mtundu wonse. Ena adamangidwa, ndipo boma lidadzagula dongosolo latsopano. Koma kugula loko watsopano sikuthandiza ngati kiyi mukuibisabe pansi pa mphasa yapakhomo.

Tonsefe tikukumbukira chisankho cha May 2019 ndi mankhwala oyera aja ofufutira zolembedwa, Tipp-Ex. Khoti lidathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti pa 3 February 2020, ndipo umboni wina waukulu udali mapepala opakidwa utoto woyerawo. Taganizani bwino pamenepa. Tipp-Ex tidamugwira chifukwa amaoneka ndi maso, ngakhale agogo osadziwa kuwerenga angathe kuloza kuti apa padafufutidwa. M'kompyuta kufufuta sikusiya banga. Pokhapokha wina atakonzeratu kuti makinawo azilemba okha, pamalo amene wogwira ntchito sangafikepo, kuti uje adalowa nthawi yakuti nasintha chakuti, wakuba amayenda ngati pathanthwe, osasiya phazi. Munthu wokonza kuti mapazi azitsala ndiye amene maphunziro tikunenawa ayenera kutipatsa.

Palinso mbali ina ya vutoli, ndipo abale athu amene mudakhala zaka zambiri ku Britain mukuidziwa kuposa ine. Kumeneko Post Office idayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa Horizon, yopangidwa ndi kampani ya Fujitsu, m'chaka cha 1999. Pulogalamuyo nthawi zina inkaonetsa kuti ndalama zasowa pomwe sizidasowe. Akuluakulu adakhulupirira makina nakana kumvera anthu. Pakati pa 1999 ndi 2015 oyang'anira mapositi ofesi ang'onoang'ono oposa 900 adaimbidwa milandu yakuba ndi yachinyengo. Ena adalowa m'ndende, ena adagulitsa nyumba kuti abweze ndalama zimene sadabe, ena adamwalira dzina lawo lisadayeretsedwe. Mu 2019 khoti lalikulu ku London, pa mlandu umene anthu 555 adakasuma motsogozedwa ndi Alan Bates, lidapeza kuti pulogalamuyo idali ndi zolakwika, komanso kuti zidali zotheka kusintha mabuku a nthambi munthu ali kutali, mwini nthambi osadziwa. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo ya kumeneko idachita kukhazikitsa lamulo lapadera lofafaniza milanduyo.

Dziko lolemera, la mayunivesite otchuka, lidagwa m'mbuna imeneyi kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu. Sikuti kudalibe akatswiri a makompyuta. Adalipo ambirimbiri. Chidasowa ndi munthu wapakati, wodziwa makina ndi bizinesi yomwe, wolimba mtima kuuza bwana wake kuti kompyuta nayo imanama, tisamange munthu tisadafufuze. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lero kuno kwathu anyamata ndi atsikana zikwizikwi akukhala m'tizisakasa m'mphepete mwa misewu kutumiza ndi kulandira ndalama za pafoni, chiyambire pamene Airtel Money idafika mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013. Tsiku limene makina adzanene kuti ndalama zasowa, adzawaimira ndani?

Chitsanzo chachitatu ndi cha mapasipoti. Mu December 2021 boma lidathetsa mgwirizano wake wa ndalama pafupifupi 60 miliyoni za Amereka ndi kampani ya Techno Brain imene inkayendetsa makina osindikizira mapasipoti. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza kudaima kwa milungu ingapo. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo mu February 2024 kuti achifwamba a pakompyuta adalanda makinawo ndipo ankafuna dipo. Ena adatsutsa, nati gwero la vutoli lidali mkangano wa umwini ndi chilolezo cha pulogalamuyo. Kaya zoona zili mbali iti, wophunzira wopita kunja, wodwala wofuna chithandizo ku India ndi mayi wa geni wopita ku Johannesburg adagona pamzere. Ndipo mbali zonse ziwiri zikutiphunzitsa chinthu chimodzi. Posaina mgwirizano wogula makina otere pamafunika munthu wofunsa kuti: tikadzasiyana, zolembedwa za nzika zathu zidzatsala m'manja mwa yani? Makiyi a pulogalamu adzakhala ndi ndani? Zikadzaonongeka lero, tasunga kuti zina zoti tiyambirepo mawa? Mafunso amenewa loya payekha sangawadziwe, wolemba mapulogalamu payekha sawaganizira. Ndi ntchito ya munthu amene adaphunzira kuyendetsa makina a uthenga pa bizinesi.

Tsono sukulu zophunzitsa zimenezi tili nazo. Polytechnic ya ku Blantyre, imene idasanduka MUBAS pamene Yunivesite ya Malawi idagawidwa mu May 2021, ili ndi digiri ya Management Information Systems. MUST ya ku Thyolo, imene idatsegula zitseko mu 2014, ili ndi ya Business Information Technology. Yunivesite ya Mzuzu ndi ya ku Zomba zimaphunzitsa za makompyuta, koleji ya boma ya NACIT yakhala ikupereka madipuloma kwa zaka zambiri, ndipo mayunivesite omwe si aboma nawonso atsegula maphunziro ofanana ndi amenewa. Vuto si kusowa kwa mayina a madigiri. Sinditchula kumene ndidaphunzira ine, chifukwa chimene ndikudandaula si cha sukulu imodzi, ndi cha kaganizidwe kathu tonse.

Ndikudziwa kuti aphunzitsi ena powerenga izi anena kuti: "Mnyamata iwe, ukadapirira mpaka chaka chachinayi ukadaphunzira zonsezi, zili m'ndondomeko ya maphunziro." Akunena zoona, ndipo ndikuvomera. Koma yankho lomwelo ndilo likuonetsa pamene pagona vuto. Chinthu chofunika koposa tachiika kumapeto, ngati ndiwo zotsala, phunziro limodzi loloweza pokonzekera mayeso. M'dziko limene ophunzira ambiri amagwa panjira chifukwa cha fizi, monga ndidagwera ine, ndipo amakalowa ntchito m'masitolo, m'masukulu ndi m'mabungwe ndi theka la digiri, kodi si nzeru kuyamba ndi chimene chimateteza anthu? Ndikadaphunzira za makiyi m'chaka choyamba, mwina mtsikana uja akadali pantchito.

Nazi zimene ndikupempha akuluakulu a mayunivesite ndi a bungwe la NCHE, limene lidapatsidwa udindo woona za ubwino wa maphunziro a ukachenjede.

Choyamba, wophunzira asadalembe mzere ngakhale umodzi wa pulogalamu, aphunzire mmene ndalama ndi katundu zimayendera pabizinesi: oda imachokera kuti, amavomereza ndani, katundu amalandira ndani, amalipira ndani, ndipo n'chifukwa chiyani ntchito zinayizi siziyenera kukhala m'manja mwa munthu mmodzi. Atumizidwe kumsika wa Limbe, kusitolo ya ku Area 2 kapena kukopaletivi ya alimi akaone ndi maso, akajambule njira imene kwacha imodzi imadutsa kuchokera m'manja mwa wogula mpaka kubanki, akaloze pamene ingathe kuthawira.

Chachiwiri, Cashgate iphunzitsidwe m'kalasi ngati phunziro lenileni, ndi malipoti ake ndi zigamulo za makhoti. Tidalipira mtengo waukulu zedi pa phunziro limeneli, tsono bwanji ana athu aziloweza zitsanzo za makampani a ku California okhaokha pomwe chitsanzo chachikulu chili pakhomo? Wophunzira apatsidwe dongosolo loyeserera, gulu lina liyese kuba, gulu lina liyese kugwira akubawo. Amene adayesapo kuthyola loko ndiye amadziwa kugula loko wabwino.

Chachitatu, aphunzire malamulo a dziko lino. Tili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016, tili ndi lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga la 2017 limene lidayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection la 2024, limene woyang'anira wake ndi MACRA. Mu 2017 Amalawi oposa 9 miliyoni adalembetsa zitupa za unzika, napereka mayina, zithunzi ndi zidindo za zala zawo. Masiku ano chitupa chomwecho chimafunika kubanki, pogula nambala ya foni ndi polembetsa mavoti. Munthu wosunga nkhokwe yotere ayenera kudziwa kuti zili m'menemo ndi za eni ake, ndipo kuzitulutsa popanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale atalamula ndi bwana wamkulu.

Chachinayi, aphunzire kuwerenga mgwirizano ndi kuwerengera mtengo wake wonse. Makina ambiri otere timagula kunja ndipo timalipira ndi ndalama zakunja chaka ndi chaka. Mu November 2023 kwacha idagwa ndi 44 pa 100 iliyonse tsiku limodzi. Kampani imene idasaina mgwirizano wa madola osaganizira zimenezi idadzuka m'mawa ngongole itafufuma. Wogulitsa amabwera ndi suti yabwino ndi zithunzi zokongola, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pafunika wina wa kwathu wodziwa kung'amba mkuyuwo asadaulipire.

Chachisanu, aphunzire kukonzekera tsiku loipa, ndipo tsiku loipa la ku Malawi, osati la m'buku. Mu January 2022 namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko nkutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ndani sadamvepo mawu aja akuti "netiweki palibe, mubwere mawa"? Woyendetsa makina wabwino amakhala atakonzeratu kuti magetsi akazima ntchito ipitirira bwanji, ndipo zolembedwa pamanja tsikulo zidzalowa bwanji m'kompyuta popanda wina kusokonezapo. Kuti zimenezi n'zotheka tidaona ndi bungwe la Baobab Health, limene kuyambira 2001 lidayamba kuika makina olembera odwala pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Makinawo adali ongodina ndi chala, osadya magetsi ambiri, ndipo mapulogalamu ake ankalembedwa konkuno ndi ana a dziko lino. Adayamba ndi kuyang'ana mmene namwino amagwirira ntchito, makina nkubwera pambuyo.

Pali ena amene anganene kuti zonsezi n'kutaya nthawi, wakuba ndi wakuba basi, ngakhale mutaika maloko khumi adzapeza njira. N'zoona kuti palibe loko woletsa kuba konse. Koma pali kusiyana kwakukulu pakati pa kuba kumene kumafuna munthu mmodzi ndi kumene kumafuna kuti anthu anayi agwirizane, pakuti mwa anayiwo mmodzi adzaopa, mmodzi adzaledzera nkuulula. Palinso kusiyana pakati pa kuba kogwidwa pakutha pa sabata ndi kogwidwa patatha zaka. Ndipo koposa zonse, mapazi akamatsala amateteza wosalakwa. Dongosolo labwino limagwira wakuba, komanso limamasula mtsikana wolandira ndalama.

Ena akuti masiku ano kwabwera nzeru zopangidwa za makompyuta zimene zikutha kulemba mapulogalamu zokha, tsono digiri imeneyi yatha ntchito. Ine ndikuona mosiyana. Ngati makina ayamba kulemba okha mapulogalamu, ndiye kuti ntchito imene ikuchepa mtengo ndi yomwe ija ndinkaidziwa ine, yosanja mayina kuyambira A mpaka Z. Ntchito yofunsa ngati zimene makina anena n'zoona, yosankha amene apatsidwe kiyi, ndi yoyankha pamaso pa khoti zinthu zikalakwika, imeneyo ikukulirakulira. Makina sangaimbidwe mlandu. Padzafunikabe munthu wokhala ndi dzina ndi nkhope.

Koma chitsutso chimene chimandisowetsa tulo ndi ichi: mwana wophunzira bwino, wodziwa zonsezi, akakalowa ntchito adzakhala ndi mphamvu yanji? Apa mlandu ukuchoka kuyunivesite nkupita kwa inu mabwana. M'maofesi ambiri munthu wa digiri imeneyi mumamutcha "mnyamata wa makompyuta". Mumamuitana makina osindikizira akatafuna pepala, kapena foni ya akazi anu ikavuta. Pamsonkhano wogula dongosolo la mamiliyoni simumuitana, amangomva kuti katundu wafika, bwera udzalumikize. Ndipo tsiku limene mwamuuza kuti "tandipatsa pasiwedi yako, ndikufuna ndikonze kanthu", akakana mumati ndi wamwano. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ngati wofuna kufufuta ndi bwana mwini wake, kalaliki wa zaka 24 wokhala nyumba ya lendi adzatani?

N'chifukwa chake ndikuti ntchito imeneyi ikhale ndi msana ngati wa anzawo owerengera ndalama. Akauntanti ali ndi bungwe lawo la ICAM lokhazikitsidwa ndi lamulo, limene lingathe kulanga membala wochita zachinyengo, ndipo membala angathe kuuza bwana wake kuti sindingasaine chifukwa andilanda chiphaso. A makompyuta ali ndi bungwe la ICTAM. Aphungu athu aganizire zopatsa ntchito imeneyi mano otere, ndi chitetezo chenicheni kwa wantchito amene waulula zachinyengo. Ndipo pakampani iliyonse yaikulu, woyang'anira makina a uthenga akhale ndi khomo lolowera kwa akuluakulu a bodi popanda kudzera kwa munthu amene akuyenera kumulondera.

Kwa inu abale amene mudabwerako kunja, ena mwa inu mudagwira ntchito zimenezi m'mabanki ndi m'makampani a ku Lusaka, Harare, Dar es Salaam ndi London. Mudaona ndi maso mmene ofufuza amafunsira mndandanda wa anthu onse okhala ndi mphamvu yolowa m'makina, ndi mmene dzina la munthu wochoka ntchito limatsekedwera tsiku lomwelo. Musangokhala pakhonde nkumadandaula kuti kuno zinthu siziyenda. Pitani kuyunivesite ili pafupi nanu mukapemphe ola limodzi pa mwezi loyankhula ndi ophunzira. Tengani mmodzi kapena awiri adzaphunzire ntchito pakampani panu, ndipo musawatume kukagula mandasi, apatseni mabuku enieni. Mutu umodzi susenza denga, ndipo aphunzitsi athu, amene ena mwa iwo akuphunzitsa makalasi odzaza ndi makompyuta owerengeka, sangasenze okha.

Kwa iwe mng'ono wanga amene ukufuna kuyamba ulendowu, usadalembetse funsa kaye. Funsa ngati sukuluyo ndi maphunzirowo n'zovomerezedwa ndi NCHE. Pempha ndondomeko ya maphunziro uone ngati muli za kawerengedwe ka ndalama, za malamulo, za chitetezo ndi kufufuza makina, ndi nthawi yokaphunzira ntchito pakampani. Funsa amene adamaliza chaka chatha kuti ali kuti. Safunsa adadya phula. Ndipo za fizi ukonzekeretu zaka zonse zinayi, ufunsire ngongole ya ophunzira nthawi ikadalipo, usadzathere panjira ngati mkulu wakone.

Kwa mayi aja, yankho langa ndi ili. Amayi, mwanayo mulipirireni. Ntchito sindingakulonjezeni, pakuti madigiri ambiri akugona m'masutikesi m'dziko muno. Koma mabanki, makampani a mafoni, zipatala, MRA ndi boma lomwe, onse aika chuma chawo ndi mayina athu m'makina, ndipo sabwereranso kumabuku a pamanja. Adzafuna anthu osunga makiyi. Akamadzabwera patchuthi musadzamufunse ngati akudziwa kukonza foni yanu. Mudzamutenge Lachinayi kubanki m'khonde, mudzamuonetse bokosi lija la maloko atatu, mudzamufunse kuti: kuntchito kumene ukupitako, makiyi atatuwa udzawapereka kwa yani? Akadzayankha bwino, ndalama zanu sizidapite pachabe.

Mtsikana wa kusitolo ya simenti uja ndidakumana naye chaka chatha akugulitsa kaunjika pamsika. Adandipatsa moni mwaulemu, nandifunsa ngati ndidabwerera kusukulu. Ndidamuyankha kuti ayi. Za simenti sitidakambe.